Kodikodi pa Duwa la Amayi

Amayi anga anafika kwathu ku Bangwe ndi katundu wa mitundu iwiri: kamtolo ka zovala kokulunga m'chitenje, ndi ndowa ya pulasitiki momwe munali zinthu zimene ine poyamba ndinayesa nzimbe zofota. Chinali chaka chimene madzi anasefukira kwathu ku Nsanje n'kukokolola mudzi wonse. Nyumba imene ndinabadwiramo inapita, mbuzi zinapita, munda unasanduka mchenga wokhawokha. Bambo anga anali atamwalira kalekale, ndipo ana tonse tinali m'tauni, choncho ndinatsika ndekha kukawatenga pasukulu ina pamene anthu othawa madzi ankagona. Ndinawapeza atakhala pakhonde la kalasi, ndowa ili pakati pa miyendo.

"Amayi, izi tisiye. Mu minibasi simukhala malo."

"Nkhabe," anakana m'Chisena chawo, osandiyang'ana n'komwe.

Amayi anga akati nkhabe, nkhani yatha. Ndowa ija inakwera mapiri onse a ku Chikwawa ili pamiyendo panga, kondakitala akulalata, ine ndikumubwezera, popeza pakamwa panga sipachedwa kutseguka. Njira yonse dzanja la amayi linali pamlomo wa ndowa.

Chimene chinali m'ndowamo ndinachizindikira titafika. Kuseri kwa nyumba yathu kumudzi kunali mtengo wautali wa mgwalangwa, ndipo m'khosi mwake, mmene masamba akale amathothoka n'kusiya zitsa, munamera chomera chimene palibe anachibzala. Chinali ndi timapesi tonenepa ta mfundomfundo, masamba aatali kunsonga, ndi mizu yoyera imene m'malo mofuna pansi inkaloza kumwamba. Chaka chilichonse kuzizira kukamatha chinkatsitsa nthambi za maluwa achikasu a mawangamawanga. Ana tinkati duwa la nyalugwe. Tinkangolionera pansi, makosi atapindika, chifukwa bambo ankaletsa kukwera mtengowo. Madzi atagwetsa mgwalangwa uja unakatsamira pachulu, ndipo amayi, munthu wa msinkhu wawo, analowa m'matope olekeza m'chiuno ndi mpeni m'manja kukadulako chitsa chimodzi. Mapoto awo anawaona akupita ndi madzi, sanawathamangire.

Amuna anga ndi a ku Chiradzulu. Amakonza mafoni m'kashopu kena ku Limbe, ndipo ali ndi kamunda ka chimanga m'mbali mwa phiri. Ndi munthu wofatsa moti nthawi zina kufatsa kwakeko ndiye kumandipsetsa mtima. Ndi iwo amene anadzajambula chomeracho pa foni n'kupeza kuti dzina lake ndi okidi, ndi kuti anthu a kumayadi amachisunga ngati chuma. Koma pofika pofufuzapo anali atalakwitsa kale. Pofuna kusangalatsa apongozi awo, m'mawa mwake anadzaza theka la mgolo ndi dothi lakuda la kudzala, n'kuthiramo manyowa a nkhuku, n'kukwirira chitsa chija bwinobwino monga amachitira ndi nthochi. Amayi ataona anagwira kumutu.

"Uwauze amuna ako," anatero atatembenukira kukhoma, amuna angawo ataima pomwepo, "kuti ichi sichidya dothi. Chimadya mphepo."

"Auzeni amayi kuti pepani, sindimadziwa," anatero amuna anga, maso ali pa nsapato zawo.

Umu ndi mmene anthu awiriwa ankayankhulirana. Kwathu mkamwini ndi apongozi ake aakazi sayang'anizana, sakhala pamphasa imodzi, sadyera limodzi, sapatsirana chinthu pamanja. Kumudzi zimenezi sizivuta, chifukwa bwalo ndi lalikulu ndipo aliyense ali ndi khomo lake. Koma nyumba yathu ya ku Bangwe ili ndi zipinda ziwiri, kanjira kopapatiza pakati, ndi bafa limodzi panja. Amuna anga akamatuluka kuchipinda ankayamba akhosomola kuti amayi apatuke. Amayi akamva geti likulira madzulo ankanyamula mbale yawo n'kukamalizira kudya kuseri kwa chitseko. Ine ndinasanduka mtenga wa anthu oima pafupi moti akanatha kugwirana chanza. Poyamba ndinkaseka. Kenaka zinanditopetsa, ndipo tsiku lina ndinakalipa kuti ino ndi tauni, zimenezi anthu anasiya kalekale. Onse awiri anandiyang'ana ngati ndatukwana m'tchalitchi, ndipo palibe chinasintha.

Chitsa chija tinachifukula, tinachitsuka, ndipo amayi anasankha mphanda ya mtengo wa mapeyala umene uli pakati pa nyumba ndi mpanda, pofika m'mapewa mwa munthu. Tinachimangirira ndi zidutswa za chitenje chakale. Chinakhala pamenepo chaka chathunthu, osafa koma osakula. Chiperoni chikafika, nkhungu itaphimba phiri, amayi ankachifunditsa saka, iwonso atavala majuzi awiri, akudandaula kuti mafupa awo sanawumbidwire dziko lotere. Ankadandaulanso za madzi ogula pa mpopi, za nsomba zouma ngati makungwa, za anthu oyenda mothamanga osapereka moni. Ku limana, kumene akhristu a m'dera lathu timakumana kupemphera pakati pa sabata, ankapita, koma ankakhala kumapeto kwenikweni kwa mphasa ngati munthu wodikira basi.

Chaka chachiwiri alamu awo a kumudzi anayamba kuimba foni. Ankati anthu abwerera, ayambanso kumanga, amayi abwere awamangire kanyumba. Ine malowo ndinkawadziwa. Ndi dambo lomwe lija, ndipo madzi akadzabweranso adzadutsa njira yawo yakale. Amayi ali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, miyendo imatupa, ndipo chipatala kumeneko n'kutali. Ndinawauza zonsezi, poyamba mofatsa, kenaka mokuwa.

"Mwananga," anatero, "nyumba ya mkamwini si nyumba. Ndatopa kuyenda monyang'ama ngati ndaba." Analoza ku mtengo wa mapeyala ndi mlomo. "Ine ndi ichi tinabwera limodzi. Chikachita maluwa kuno, ndiye kuti dziko lino latilandira, ndikhala. Chikakana, ndichimasula tizipita."

Sankaseka. Ndinkadziwa kuti akatsika sadzakweranso, ndipo kuti tsiku lina mvula ikadzagwa usiku wonse ndidzakhala ndikuimba foni yosayankhidwa. Kuyambira pamenepo ndinayamba kulonjera timapesi tija m'mawa uliwonse ndisanalonjere munthu.

Mvula ya chaka chimenecho itatha, chomera chija chinadzuka. Mizu yatsopano yoyera, ya nsonga zobiriwira, inagwira khungwa la mtengo n'kulikumbatira, ina n'kuima chilili kuloza kumwamba monga ndinkaionera ndili mwana. Masamba ouma a mapeyala ankagwera pakati pa mizuyo n'kuwolera momwemo, ndipo ndi pamene ndinamvetsa chimene chimadya. Timapesi tatsopano tinatuluka. Kuzizira kukupita kumapeto, pansonga ya phesi lonenepa kuposa onse panatuluka kanthu kobiriwira kamene sikanali tsamba. Kanatalika, kanachita nthambi, ndipo m'nthambimo munayamba timaso ta maluwa tating'ono ngati mpunga. Ndinavina pabwalo ndili ndi yunifolomu ya kuntchito. Madzulo ake ndinamva amayi akung'ung'uza nyimbo ya kwaya akusesa.

Chimwemwecho sichinakhalitse. M'mawa wina ndinaona toyerayera m'makhwapa mwa masamba, ngati wina wawazapo ufa. Nditapukuta, chala chinatuluka chonata, chili ndi kamadzi kofiirira. Masamba a m'munsi anali atayamba kuda ngati mwaye, ndipo nyerere zakuda zinali pamzere, zina kukwera mtengo, zina kutsika. Amuna anga atayang'ana anapukusa mutu.

"Kodikodi uyu. Kwathu amamaliza chinangwa, munda wonse masamba kupotana. Amayamwa madzi a chomera."

"Nde mukudikira chani? Tengani sipuleya yanu ija."

Ndinkanena chopopera chimene amaphera mbozi m'chimanga. Iwo anakana. Anati mankhwala amenewo ndi aukali, akhoza kuwotcha timaso tija tisanatseguke, ndiye tikhala tapha tokha chimene tikufuna kupulumutsa. Ndinawalalatira kuti mwina akufuna apongozi awo achoke kuti azikhosomola pang'ono m'nyumba mwawo. Anatenga foni n'kukakhala pakhonde, ndipo atawerenga kwa kanthawi anati tipeze sipiriti, thonje ndi machesi.

Ine ndimagulitsa m'sitolo ya mankhwala, choncho sipiriti ndi thonje sizinavute. Umakulunga kathonje kumutu kwa kamtengo ka machesi, kuviika mu sipiriti, n'kumakhudza kodikodi mmodzimmodzi. Sipiriti ikamufika, ufa woyera uja umasungunuka, ndipo pansi pake pamaoneka kathupi kofewa kofiirira, kosafika njere ya mapira. Tinkasenda makoko ouma a timapesi, popeza ndi mmene amabisalamo ndi mazira ake, n'kutsuka masamba ndi madzi a sopo wa mbale, kenaka kutsukuluza ndi madzi oyera dzuwa lisanakwere. Amayi anatuma mayi wina wa kwathu wogulitsa milamba mumsika wa Limbe kuti awabweretsere masamba a nimu. Anawasinja, kuwaviika, n'kumawaza madzi ake ndi katsache, fungo lake lowawa litadzaza bwalo lonse.

Ntchitoyi tinaigawana mwaulemu wake. Amuna anga ankagwira m'mawa asanapite ku Limbe, amayi ali m'nyumba. Amayi ankagwira masana tonse titachoka. Ine ndinkagwira ndikaweruka, ndipo malipoti a mbali zonse ankafikira kwa ine.

"Uwauze asamasende kwambiri, akuchivula chonse."

"Auzeni amayi kuti sayidi ya kumpanda ndadutsamo kale."

Koma kodikodi sankatha. Ukapukuta lero, mkuja wadzazanso. Kenaka panaoneka ena aakulu. Anali oyera chimodzimodzi, koma aubweya wautali wonyankhalala, ndipo pamene aang'ono aja ankangokhala malo amodzi ngati awamata, awa ankayenda, mofulumira ndithu, kuchoka pagulu ili kupita pagulu ilo. Paliponse pamene kodikodi waunjikana, iwo anali pomwepo.

"Amake ndi amenewa," anagamula amayi. "Akuyendera ana awo. Tikapha make, mtundu watha."

Zinamveka zanzeru, ndipo tonse tinavomera. Tinayamba kusaka aakuluwo. Amayi ankawaphwanya ndi chikhadabo monga ankatichitira ndi nsabwe tili ana, akuwatukwana m'Chisena. Ine ndinkawaponya m'chitini cha sipiriti, ndipo ndinkamva kukoma powaona akuphiriphitha. Tinawamaliza pafupifupi onse. M'malo moti zinthu zikhale bwino, kodikodi anakwera mpaka kunthambi ya maluwa yeniyeniyo. Timaso tinayamba kufota n'kumagwa. Ndinkatitola pansi m'mawa n'kutibisa m'thumba la yunifolomu, ngati kuti amayi alibe maso. Tsiku lina ndinawamva pa foni akufunsa alamu awo ngati udzu wofolerera ukupezeka.

Linali Lamlungu, titabwera ku Misa, pamene amuna anga anatulutsa m'chikwama galasi lawo la kuntchito, lija lokulitsa zinthu limene amaonera tizitsulo ta m'kati mwa foni. Anati akufuna aone kuti mazira akubisala pati. Anaima pamtengo, diso pagalasi, ndipo anakhalitsa. Ine ndinali nditatereka nyemba pambaula, amayi atakhala pakhomo la khitchini, atapereka msana monga mwa nthawi zonse.

"Mayi," amuna anga anandiitana motsitsa mawu, "tabwerani muone. Eee, izi nde ayi."

Ndinapukuta manja pachitenje n'kuika diso pagalasi, iwo ataligwira.

Sindinaonepo chinthu chotero, ndipo mpaka lero ndikakumbukira thupi langa limachita tsembwe. Ufa umene ndinkaupukuta ndi mkwiyo uja unali mudzi wathunthu. Kodikodi aliyense anali ndi thupi lake la mizeremizere, timiyendo take, ndi timphonje toyera m'mbali monse, tosanjidwa bwino moti telala sangafikepo. Ana ake, achikasu, aang'ono kuposa fumbi, ankayendayenda pakati pa akuluakulu. Nyerere, imene pagalasipo inkaoneka ngati mbuzi, inafika n'kuyamba kusisita kodikodi mmodzi ndi tinyanga take, modekha, mosathamanga, ndipo kumbuyo kwa kodikodiyo kunatuluka kadontho konyezimira. Nyerere inamwa kadonthoko n'kupita pa wina. Inali kukama. Zinthu zimenezi zinkachitika pabwalo langa lomwe, pafupi ndi chingwe choyanikapo zovala, tsiku ndi tsiku, ine ndikungodutsa ndi beseni.

Kenaka kunabwera wamkulu uja, mmodzi mwa ochepa amene anatipulumuka. Pansi pa ubweya wake ndinaona kamutu kakuda ndi timano topindika. Kafikidwe kake sikanali ka mayi wofika pa ana ake. Anagwira kodikodi mmodzi pamimba, kumutukula pang'ono, n'kuyamba kumuyamwa mpaka thupi lija linaphwa, kutsala kachikopa kokha. Anakataya n'kugwira wina. Nyerere zinamuzungulira, kumununkhiza, n'kumuleka, chifukwa chovala chake chinali chofanana ndi cha ziweto zawo.

"Mulungu wanga," ndinatero, "takhala tikupha otithandiza! Amayi, bwerani muone!"

Amayi anadzuka n'kubwera pang'onopang'ono. Amuna anga anandipatsa galasi n'kubwerera m'mbuyo kukaima kumpanda. Koma galasi limenelo lili ndi kagwiridwe kake. Ukalitalikitsa pang'ono zonse zimasanduka nkhungu, ukaliyandikitsa chimodzimodzi. Kamphepo nako kankagwedeza nthambi.

"Palibe chikuoneka," anatero amayi. "Ukundinamiza iwe."

"Tsitsani mutu. Ayi, osati choncho. Tsinzinani diso linalo."

Ndinayesa, ndinalephera, mtima unapsa.

"Bambo, tabwerani mugwire galasi lanuli! Mwaima uko ngati mlendo bwanji?"

Onse awiri anauma. Kenaka amuna anga anayandikira cham'mbali, n'kugwira galasi ndi dzanja lotambasula, nkhope ataloza kumpanda. Koma munthu sangalunjikitse galasi asakuona chimene akulunjikitsa, ndipo amayi anati sakuonabe kanthu. Pang'ono ndi pang'ono khosi la amuna anga linatembenuka. Dzanja lina linagwira nthambi kuti isagwedezeke. Anawerama, kuweramabe, mpaka tsaya lawo linatsala pang'ono kukhudza duku la amayi.

"Apo, amayi," anatero chapansipansi. "Yang'anani pamene pali nyerereyo."

Ndinkamva wailesi ya aneba ndi ana akumenya mpira mumsewu. Kenaka amayi anakoka mpweya mwamphamvu.

"Akamwini! Chikudya! Chikudya anzake!"

"Eya amayi, chikudya. Si make ayi, ndi mdani wake."

"Mariya Virigo, ndiye ine ndaphwanya angati? Gwirani bwino, chathawa. Uko, uko! Pyadidi, zabwino zedi! Idya mwananga, idya!"

Anakhala pamenepo mpaka nyemba zanga zinapserera, ndipo ine sindinasunthe kukaziphula. Zaka zonse za ukwati wanga anthu awiriwa anali asanauzanepo mawu ndi amodzi omwe popanda ine pakati. Tsopano ankalimbirana galasi. Amayi ankafunsa chifukwa chake nyerere sizikuluma chilombocho, amuna anga n'kumafotokoza ndi manja, ndipo sindikudziwa chimene chinandizizwitsa kwambiri, za pagalasi kapena za kuseri kwa galasi. Ndinalira pang'ono, ndikunamizira utsi wa nyemba.

Madzulo ake amuna anga anafufuza pa foni n'kupeza kuti aubweya aja ndi ana a tizilombo tina tozungulira touluka, ndipo chakudya chawo ndi kodikodi yemweyo. Anapezanso kuti nyerere zimanyamula kodikodi n'kukamuika pamalo anthete, monga munthu asamutsira mbuzi pa msipu wabwino. Ndiye chifukwa chake tikapukuta ankabwereranso. Nkhondo inatembenukira kwa nyerere. Tinakulunga pulasitiki kuzungulira thunthu la mtengo kuti khungwa lisawonongeke, n'kupakapo girisi wa njinga. Tinadula nthambi imene inkakhudza mpanda, chifukwa unali mlatho wawo wina. Nimu ndi sopo tinaziika pambali, sipiriti n'kumangoigwiritsa pamene galasi latsimikiza kuti palibe waubweya. Nyerere zinkafika pagirisi, kuima, kuzungulira, n'kubwerera, ndipo amayi ankaziseka mokweza.

Vuto linali lakuti otithandiza aja tinali titawatha tokha. Ndi amayi amene anakumbukira kuti popita ku limana anaona mtengo wa papaya pa nyumba ina, zipatso zake zitayera ndi kodikodi. Loweruka lotsatira ananyamuka awiri, amayi ali ndi nthenga ya nkhuku ndi kabokosi ka machesi, amuna anga ali ndi galasi. Ndinaima pageti kuwayang'ana. Amayi anali patsogolo, amuna anga m'mbuyo pang'ono monga kuyenera, koma ankacheza. Mwini papaya anayesa kuti akufuna zipatso, ndipo atamva kuti akupempha tizilombo anaitana mkazi wake kuti adzamve yekha. Anabwera nato m'kabokosi, ndipo amayi anatitsitsira pa nthambi ya maluwa ndi nthenga ija, kamodzikamodzi, akutiyankhula ngati alendo olemekezeka.

Sindikunena kuti ulemu unatha. Kudya ankadyabe payekhapayekha, ndipo kukhosomola m'kanjira kunapitirira. Koma pamtengo wa mapeyala panasanduka malo ena, pamene mkamwini ndi apongozi ankatha kuima limodzi m'mawa, wina atagwira galasi, wina nthambi. Ine ntchito ya utenga inayamba kundichepera, mpaka nthawi zina ndinkachita kufunsa kuti akukambirana chiyani.

Kodikodi anachepa tikuona. Pamene panali ufa panatsala tizikopa touma timene mphepo inkauluza. Tsiku lina aubweya aja anasiya kuyenda, n'kudzimata kunsi kwa masamba, ndipo tinada nkhawa kuti afa. Amayi analetsa aliyense kuwakhudza. Iwo ndiwo anali pomwepo masana ena pamene chovala choyera chija chinang'ambika pamsana, n'kutulukamo kachilombo kozungulira, kofewa. Anati anakhala nako mpaka kanalimba n'kuda, mutu wake uli wofiira, kenaka kanatsegula msana wake pawiri, kutulutsa mapiko amene munthu sakanaganiza kuti alimo, n'kuuluka. Pondifotokozera madzulo anachita chizindikiro cha mtanda.

"Chinthu chimodzi, matupi awiri," anatero. "Ndakalamba chonchi osadziwa."

Timaso tambiri tinali titagwa kale. Nthambi za m'mwamba zinatsala zopanda kanthu, koma ya m'munsi inagwiritsa take. Tinatupa, tinayamba kuonetsa mawanga mkati mwa khungu lobiriwira, ndipo kutentha kutayamba, fumbi litabwerera m'misewu ya Bangwe, duwa loyamba linatseguka. Ena anatsatira.

Sanali ambiri ngati a pa mgwalangwa. Koma a pa mgwalangwa tinkawaonera patali, ngati nsalu yachikasu yokoloweka m'mwamba. Awa anali pamaso penipeni. Duwa lililonse linali lotambasuka ngati kadzanja, lokhuthala, losalala ngati kandulo, ndipo mawanga ake ofiirira sankafanana ndi a linzake. Pakati pake panali kamlomo kachikasu kowala, ka timizere totukuka, ndipo pamwamba pa kamlomoko kanthu kowerama ngati munthu wogwada. Ndinayang'ana duwa limodzi nthawi yaitali, ndikuganiza za matope a ku Nsanje, za manyowa a nkhuku, za chiperoni ndi sipiriti, ndipo sindinamvetse kuti zonsezi zinkasungidwa pati m'timapesi tofota tija. Ndinachita mantha pang'ono, mantha amene munthu umachita ukalowa m'tchalitchi mopanda anthu.

Loweruka lina masana amayi anaima pamtengopo, manja kumbuyo. Anayandikitsa nkhope, n'kubwerera, n'kuyandikitsanso.

"Limanunkhira," anatero. "Zaka zonse zija ndinkagona pansi pake, osadziwa kuti limanunkhira."

Ndinali pakhonde ndikusankha mpunga, mtima uli m'mwamba. Maluwa anali atachita, koma amayi anali asananene kanthu za ulendo, ndipo ine sindinkalimba mtima kufunsa. Amuna anga anali atakhala panjerwa akukonza wailesi ya aneba.

"Akamwini," anaitana amayi.

Amuna anga anaika wailesi pansi, anayandikira, n'kunjuta chapatali pang'ono, manja atagwirana.

"Ndili ndi mawu, ndipo ndikuuza inu chifukwa mwini pakhomo pano ndinu. Ine sindikupita. Ndipo tsiku langa likadzafika, musadzavutike kufuna lole yotsika nane kumudzi. Manda a kuno ndinawaona tikuperekeza maliro a mayi wina wa m'limana mwathu. Ndi pamtunda, ndi pouma. Mudzandiike komweko."

Munthu wa kwathu sanena mawu otere. Tikhoza kukhala m'tauni moyo wonse, kumanga nyumba, kubereka ana osadziwa Chisena, koma maliro amatsika kumudzi. Ine ndinalimbana ndi tizilombo nyengo yonse ija kuti amayi akhale, koma sindinaganizepo kuti kukhalako kumakathera kuti. Chimwemwe ndi chisoni zinandigwira nthawi imodzi, ndipo mpunga unatayikira pamiyendo panga.

Amuna anga anaomba m'manja mofatsa, mutu uli pansi.

"Ndamva, amayi. Koma musafulumire."

"Ndani akufulumira?" anatero amayi, n'kubwezera mphuno yawo paduwa.